Thandizo la boma likuthera pa mita, silikufika pa mafuwa

Bungwe loyang'anira za mphamvu la MERA likakweza mtengo wa magetsi kapena wa mafuta a galimoto, dziko lonse limadziwa tsiku lomwelo. Wailesi zimalengeza, a mabungwe amayankhulapo, aphungu amaimirira m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pa WhatsApp chikalatacho chimazungulira mpaka usiku. Koma thumba la makala likakwera pamsika wa Mangochi, kapena mtolo wa nkhuni ukachepa ku Makawa ndalama ili yomweyo, palibe chikalata chimene chimatuluka. Amene amadziwa ndi mayi amene waima pamaso pa wogulitsa, akumasula mfundo ya pachitenje, kuwerengera ngati ndalamayo ikwanire ndiwo pamodzi ndi moto wophikira ndiwozo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'dziko muno, pafupifupi 77 amaphikira nkhuni, 18 amaphikira makala, ndipo ophikira magetsi ndi 2 okha. Ounikira magetsi anali 11. Kuchokera nthawi imeneyo olumikizidwa achulukirako, koma poto sanasunthe: adakali pa mafuwa ndi pa mbaula. Boma lathu la Mangochi, lomwe pa kalemberayo linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndi la midzi kwambiri, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Katuli, ku Nankumba mpaka kwa Bwananyambi. Ndiye tikamanena za kukwera mtengo kwa mphamvu zogwiritsa ntchito pakhomo, kuno tikunena za nkhuni ndi makala choyamba, batire la tochi chachiwiri, mayunitsi pambuyo pake. Chodandaula changa n'chakuti maboma onse amene takhala nawo amayamba mndandandawu chakumapeto. Ndalama, malonjezo ndi chifundo zimapita ku mita ndi ku pampu. Ku mafuwa kumabwera lamulo ndi rodibuloko.

Wosauka amagula moto modula kuposa wolemera, ndipo aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya lendi akudziwa. Wapantchito akalandira amagula thumba lathunthu, mwinanso awiri, n'kuika m'khitchini. Mayi wogulitsa zitumbuwa kapena bambo wa ganyu pa doko sangasonkhe ndalama ya thumba tsiku limodzi, choncho amagula kajumbo m'mawa, kajumbo kena madzulo. Mukaphatikiza timajumbo ta mwezi wonse mupeza kuti walipira zoposa mtengo wa thumba, pa makala ochepa, ena mwa iwo fumbi lokhalokha. Nyengo ya mvula zinthu zimaipiraipira: misewu ya kumapiri imaterera, owotcha makala amakhala ali kumunda, nkhuni zimanyowa, mtengo n'kukwera pa nthawi yomwe chimanga chatha m'nkhokwe.

Zotsatira zake sizioneka pa bilu iliyonse. Zimaoneka m'mbale. Nyemba ndi nandolo wouma zimayamba kusowa pakhomo, osati chifukwa kulibe pamsika, koma chifukwa zimadya moto wa maola awiri kapena atatu. Phala la ana la m'mawa limadumphidwa. Banja limaphika kamodzi, nsima yotsala n'kudyedwa yozizira. Madzi akumwa sawiritsidwa, ndipo ife a kunyanja sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, Mangochi ali pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Azaumoyo ankati wiritsani madzi, ndipo ankanena zoona, koma kuwiritsa ndowa ya madzi tsiku lililonse ndi nkhuni zimene banja lina lilibe. Mwezi wa Ramadhani, pamene nyumba zambiri kuno zimasonkha moto wa futari madzulo ndi winanso mbandakucha, vutoli limakula. Ndipo nkhuni zikasoweratu anthu amasonkhera zitsononkho, mapesi, zikunje za kanjedza, ngakhale majumbo ndi mabotolo apulasitiki, mwana ali kumsana akupuma utsi womwewo.

Kumudzi nkhuni amati n'zaulere. Si zaulere. Amalipira ndi msana wa amayi ndi atsikana, amene amalawira mbandakucha ulendo wa kuphiri n'kubwera dzuwa lili paliwombo. Mtsikana amene wasenza mtolo kuchokera m'mphepete mwa Namizimu safika m'kalasi nthawi yake, ndipo akafika amakhala atatopa kale. Mtengo umenewo palibe ofesi imene imaulemba.

Tsono tione zimene boma lachita, ndipo pamene lachita bwino tinene. MAREP, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, yafikitsa mapolo m'misika ing'onoing'ono imene makolo athu sankaganiza kuti kudzayaka babu. Chigayo cha magetsi, malo owotcherera zitsulo ndi firiji ya katemera pachipatala chaching'ono ndi zinthu zenizeni. Ndondomeko ya ESCOM yolumikiza nyumba ku magetsi ya Ndawala, komanso ntchito yolumikiza anthu imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza mu 2019 ndi ndalama zokwana madola 150 miliyoni a ku America, zathandiza mabanja amene sakanakwanitsa kulipira zonse pakamodzi. Thumba la Ngwee Ngwee Ngwee lafikitsa sola m'nyumba zakutali ndi mawaya. Mwana wowerengera babu la sola ali bwino kuposa amene ankawerengera koloboyi. Izi sindikuzinyoza ayi. Koma zonsezi ndi kuwala, si moto. Babu likhoza kuyaka m'nyumba, panja mayi akupemerera nkhuni zaziwisi.

Thandizo lalikulu limene boma limaloza likafunsidwa za osauka ndi mtengo wotsika wa mayunitsi 50 oyambirira pamwezi. Maganizo ake ndi abwino, koma tiwerengere. Mbale imodzi ya chitofu cha magetsi cha mawati 1,000 imadya yuniti imodzi pa ola. Mayunitsi 50 ndiye kuti ndi maola osakwana awiri pa tsiku, musanayatse babu, musanatchaje foni. Ndi okwanira kuunikira ndi kumvera wailesi, osati kuphikira banja la anthu asanu ndi awiri. Komanso pali china chimene okonza mitengo ku Lilongwe mwina sachiona. M'makwalala a tauni yathu ndi ku Monkey Bay, nyumba zambiri za lendi zili pa mdadada umodzi, mabanja anayi kapena asanu pa mita imodzi ya mwini nyumba. Mayunitsi otsika aja amatha sabata yoyamba, otsala onse amagulidwa pa mtengo wokwera. Mapeto ake munthu wokhala yekha m'nyumba yake yampanda amalandira gawo lake lonse la thandizoli, pomwe mabanja asanu osauka amagawana gawo limodzi, n'kumakangana za amene wayatsa ayironi. Eni nyumba ambiri amaletseratu kuphikira magetsi. Pa kampeni ya 2020 tinalonjezedwa kulumikiziridwa ulere, koma ngakhale polo likhale pakhomo, kuika mawaya m'nyumba ndi ndalama ina, ndipo nyumba yofolera udzu imatsalira ndithu.

Ngakhale amene ali ndi mita yakeyake sasiya mbaula, chifukwa magetsi sadalirika. Izi zimapweteka kwambiri kwa ife, poti mtsinje wa Shire umayambira pano. Madzi amatuluka m'nyanja, n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kulowa m'Malombe, kupyola pa baraji ya ku Liwonde, kukazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Namondwe wotchedwa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panatha chaka ndi miyezi asanabwerere. Nthawi yonseyo mabanja a m'tauni anathamangira makala. Makalawo amachokera m'mapiri omwe amatsetserekera ku nyanja ndi ku Shire. Mitengo ikatha dothi limakokoloka, matope ndi namasupuni zimakatsekereza makina, magetsi n'kuchepanso. Sola ya ku Salima ya mamegawati 60 ndi ya ku Golomoti ya 20 zathandizako masana, koma nsima yamadzulo imaphikidwa dzuwa litalowa.

Za mafuta a galimoto ndinena mwachidule. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo anafika pa K2,530 pa lita, ndipo boma linaugwira mtengo umenewo pafupifupi zaka ziwiri, kunena kuti likuteteza anthu. Amene anatetezedwa ndi amene anali ndi galimoto yoima nayo pamzere. Msodzi wa ku Msaka kapena ku Malembo sangabweretse boti pa pampu, ndipo pa nthawi imene kugula m'zigubu kunaletsedwa popanda chilolezo, iye anagula kwa mavenda pa mtengo umene sunalembedwe pa chikwangwani chilichonse. Mtengo umenewo unalowa mu usipa, mu kabaza, m'chigayo cha dizilo. Mtengo wotsika wa chinthu chimene palibe suthandiza wosauka.

Tsopano pa nkhani ya makala, pamene ndikuona kuti talakwitsa kwambiri. Lamulo la za nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020, zilango n'kukhwima. Kuwotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala opanda chilolezo ndi mlandu, ndipo galimoto yopezeka nawo ikhoza kulandidwa. Ndikumvetsa chifukwa chake. Amene wadutsa msewu wokwera ku Namwera zaka zapitazo n'kudutsanso lero safunika kuuzidwa. Phirilongwe akuyera. Uvuni wa dothi umene owotcha amagwiritsa ntchito umameza makilogalamu asanu a nkhuni, nthawi zambiri kuposerapo, kuti atuluke kilogalamu imodzi ya makala, ndipo amasankha mitengo yachilengedwe monga mombo ndi tsanya, imene imatenga zaka makumimakumi kuti ikule. Sindikupempha kuti nkhalango zotetezedwa zitsegulidwe. A bungwe losamalira mapaki la African Parks atayamba kuyang'anira nkhalango ya Mangochi mu 2018, kuwonjezera pa paki ya Liwonde, anachita ntchito yofunika, ndipo zidzukulu zathu zidzathokoza.

Koma lamulo laletsa chinthu chimene pafupifupi nyumba iliyonse ya m'tauni imagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Wapolisi amene walanda thumba masana, kunyumba kwake madzulo aphikira makala. Wa zankhalango chimodzimodzi, mphunzitsi, namwino, ngakhale woweruza milanduyo. Sindikunena izi powanyoza. Alibe kwina kolowera, monga ife tonse. Ndiye chimachitika n'chiyani? Makala sasiya kubwera. Amabwera usiku, m'tinjira tam'tchire, panjinga ndi pamutu, ndipo chiopsezo chilichonse cha m'njira chimawonjezedwa pa mtengo. Thumba limodzi likalandidwa, otsalawo amakwera kuti abweze lotayikalo. Amene amalipira pamapeto ndi mayi wa kajumbo uja. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi bambo wa njinga, yemwe wakankha matumba atatu kutsika phiri chifukwa chimanga chinamuthera mu Okutobala. Boma silipezapo msonkho, mudzi umene mitengo yachokera supezapo kanthu, ndipo phiri likupitirira kuyera. Kumeneku ndi kuthamangitsa ntchentche chilonda chili chosamanga.

Chodabwitsa n'chakuti boma lomwelo linalemba kale njira yabwino. Ndondomeko ya dziko ya makala ya 2017 mpaka 2027 imavomereza kuti makala sangathe lero kapena mawa, ndipo imanena za makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yodzala, mbaula zosunga moto, gasi, ndi ntchito zina za owotcha. Makala ovomerezeka alipodi: a Kawandama Hills m'mapiri a Viphya amawotcha kuchokera ku bulugamu wodzala okha. Koma amagulitsidwa kwambiri m'mashopu a m'mizinda, ndipo chilolezo chimafuna mapepala, ndondomeko yosamalira nkhalango ndi maulendo a ku maofesi zimene kampani ingakwanitse, osati gulu la anthu khumi a kwa Jalasi. Mbali ya lamulo yolanga inathamanga. Mbali yopatsa anthu njira ina ikukwawa.

Ndikanakonda chilolezo chimenechi chitsike kufika pa khonsolo, chiperekedwe kwa magulu a m'midzi amene ali ndi nkhalango yawoyawo yolembedwa ndi mfumu, kapena munda wa keshya, bulugamu kapena nsungwi. Lamulo limadziwa kale nkhalango za m'midzi ndi makomiti ake. Gulu lotere liphunzitsidwe uvuni wosawononga nkhuni, matumba ake akhale ndi chizindikiro, adutse pa rodibuloko masana popanda mantha, ndipo kandalama ka chilolezo kabwerere kumudziko. Munthu amasamala mtengo umene akudziwa kuti adzaugulitsa poyera. Pakali pano mtengo wa m'phiri ndi wa amene wayamba kufika ndi nkhwangwa. Ena adzati anthu azibisa makala a m'nkhalango yotetezedwa m'matumba achizindikiro. Zidzachitikadi kwina, ndipo pamenepo ndi pamene chilango chokhwima chiyenera kugwera, makamaka pa eni malole. Koma lero makala pafupifupi onse ndi obisa, ndiye sitingaope kutaya chimene tilibe.

Pa kudzala mitengo, chaka chilichonse kuyambira Disembala mpaka Epulo timamva za mbande mamiliyoni. Funso limene sitimva ndi lakuti ingati yapulumuka mbuzi, chiswe ndi moto wa m'chilimwe. Kuno kumatentha, dothi la kunyanja ndi mchenga. Chimene chimagwira msanga ndi kusamalira zitsa zimene zikuphukira zokha, kupatulira mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu, ndi kudzala nandolo m'munda, yemwe amapatsa ndiwo, kukonza nthaka, n'kusiya mitengo yake youma yosonkhera. Zimenezi sizifuna mwambo wa nduna, zimafuna mlangizi wokhala ndi njinga yoyenda.

Chitetezo Mbaula, mbaula ya dongo yosunga nkhuni, ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zinafikadi pa poto. Mu 2013 boma linadziikira cholinga cha mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020, ndipo amayi ambiri anaphunzira kuziumba ndi dongo la kwawo. Imapulumutsa nkhuni, ulendo wa kuphiri n'kuchepa, ndipo pa mtengo wake palibe chinthu china chimene chingachite zimenezo. Koma tisaipatse ntchito imene singathe. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, zotsatira zake n'kutuluka mu 2016, anapereka mbaula zamakono zochepetsa utsi ku mabanja masauzande, ndipo anapeza kuti chibayo mwa ana aang'ono sichinachepe. Mbaula imathandiza thumba ndi msana; mapapo amafuna moto wopanda utsi. Komanso mbaula ya dongo imasweka, ndipo pamene inagawidwa ulere popanda woumba wapafupi, mafuwa anabwerera. Pali mabungwe amene amapeza ndalama kunja chifukwa cha utsi umene mbaula zathu zapewetsa. Mayi amene akuphikirapo ali ndi ufulu wodziwa kuti ndalamazo ndi zingati ndipo gawo lake ndi liti.

Moto wopanda utsi ndi gasi kapena magetsi. Boma linachotsa msonkho wa VAT pa gasi ndi masilinda ake, ndipo linachita bwino. Koma gasi amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa nayenso amalumpha, ndipo kuno malo odzazitsira ndi owerengeka. Munthu wa ku Makanjira sangakwere galimoto tsiku lonse kukadzazitsa silinda. Dziko la India mu 2016 linayamba kupatsa amayi osauka mamiliyoni ambiri gasi woyambira, koma ambiri silinda yoyamba itatha analephera kudzazitsanso, n'kubwerera ku nkhuni. Phunziro lake ndi lomwe lija la kajumbo: wosauka amagula za tsiku limodzi. Gasi adzapikisana ndi makala tsiku limene mayi adzathe kudzazitsa kilogalamu imodzi kapena theka pafupi ndi kwawo, motetezeka. Kwa amene ali ndi mita, poto wamagetsi wotsekera nthunzi amapsetsa nyemba ndi yuniti yosakwana imodzi. Ngati pali chinthu choyenera kuchotseredwa misonkho yonse ndi kugulitsidwa pangongole yodula pang'onopang'ono pa mayunitsi, ndi chimenecho, chifukwa nyumba iliyonse ya m'tauni imene yasiya makala yapulumutsa mitengo yambiri kuposa rodibuloko.

Mayiko olemera akamathandiza anthu awo pa vutoli amadzera pa bilu. Ku Britain m'nyengo yozizira ya 2022 boma linachotsera nyumba iliyonse mapaundi 400 pa bilu ya magetsi. Zinatheka chifukwa kumeneko pafupifupi aliyense ali ndi mita. Ife tatengera njira yomweyo m'dziko limene ambiri alibe. Chitsanzo choyandikira kwa ife chili ku South Africa, ndipo abale athu ambiri amene ali ku Joni akuchidziwa. Kumeneko kuyambira 2003 mabanja osauka olembedwa amapatsidwa mayunitsi 50 aulere pamwezi. Koma anaonanso kuti opanda magetsi akutsalira, ndipo mu 2007 anakhazikitsa ndondomeko ina yakuti amenewa azithandizidwa ndi zinthu monga palafini kapena gasi. Sikuti zimayenda bwino paliponse, madandaulo alipo ambiri. Chimene ndikutengapo ndi mfundo yake: boma linavomereza kuti munthu wopanda mita nayenso ali ndi gawo.

Ife njira yofikira munthu ameneyo tili nayo kale. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo Mangochi anali m'gulu la maboma oyambirira kulandira, ali ndi mayina a mabanja osaukitsitsa mudzi ndi mudzi. Ambiri mwa iwo ndi agogo olera ana amasiye, odwala ndi olumala, anthu amene sangathe kukwera phiri kukatola nkhuni, choncho amagula kapena kupempha. Kuwonjezera kandalama ka moto pa zimene amalandira, makamaka miyezi ya mvula, kungafike pamene mayunitsi otsika sadzafika. Ndalama zake zichokere kuti? Pa lita iliyonse ya mafuta pali kamsonkho kopita ku thumba la MAREP. Amalipira ndi aliyense, kuphatikizapo msodzi ndi mnyamata wa kabaza amene kwawo kulibe polo. Si kulakwa kupempha kuti gawo la thumba limenelo lizipita ku zophikira. Ndipo ndinene chinthu chimene anzanga a m'tauni sachikonda: kuumiriza kuti magetsi akhale otsika kwa aliyense, ngakhale kwa nyumba ya mafiriji atatu ndi makina oziziritsa mpweya, ndi kupempha kuti ESCOM izilephera kulumikiza ena. Otsika akhale mayunitsi oyambirira, achulukitsidwe kuti akwanire kuphika, mita iliyonse ikhale ya banja limodzi. Ogwiritsa ntchito ochuluka alipire mtengo wake weniweni.

Pali mbali ina imene ndi yathu ife a kunyanja, yomwe ndondomeko zolembedwa ku likulu siziikapo mtima mokwanira. Nsomba imene dziko lonse limadya imadutsa pa moto isanakwere galimoto. Kuwamba mlamba, kampango, mcheni ndi utaka, kufutsa usipa, kukazinga m'mafuta, zonse ndi nkhuni, ndipo ndi nkhuni zambiri. Pa madoko a Nankumba ntchitoyi ikuchitikira m'mphepete mwa paki ya Nyanja ya Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980, momwe midzi ngati Chembe ili m'kati mwenimweni. Mayi wowamba nsomba amalimbirana mtolo umodzi ndi mayi wophika nsima, ndipo wowambayo amapambana chifukwa ali ndi mpamba. Mtengo wa nkhuni pa doko n'kukwerera mudzi wonse. Nyengo ya mvula usipa ukachuluka, wa pa thandala umawola, ndiye aliyense amathamangira moto. Njira zilipo ndipo zinayesedwa konkuno: nyumba za pulasitiki zoumitsira nsomba ndi dzuwa ngakhale kunja kukugwa mvula, ndi Chitofu chosunga nkhuni chimene chimafutsa, kukazinga ndi kuwamba. Vuto lake n'lakuti zimabwera ndi pulojekiti, pulojekiti ikatha pulasitiki n'kung'ambika, wokonza palibe. Asodzi anasiya okha nyali za palafini n'kuyamba mababu a batire poyitanira usipa usiku, popanda wowakakamiza, chifukwa anaona phindu ndipo zinthuzo zinkapezeka m'sitolo. Zowambira nazo zidzafala momwemo, zikadzakhala ndi amisiri a pa doko, zipangizo zopezeka pa Monkey Bay ndi pa boma, ndi ngongole yaing'ono yodzera m'makomiti a m'madoko kapena ku banki m'khonde.

Njerwa nazo zikudya mapiri. Boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zikuluzikulu mu 2018, koma nyumba zimene abale athu akumanga ndi ndalama za ku Joni, ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, zambiri zikumangidwabe ndi njerwa za uvuni, poti simenti ndi yodula. Uvuni umodzi umameza mitengo imene banja likanaphikira miyezi yambiri. Apa khonsolo ili ndi mphamvu, chifukwa mapulani a nyumba zikuluzikulu amadutsa m'manja mwake.

A khonsolo, aphungu athu ndi mafumu athu, pali ntchito imodzi imene simufunika kudikira Lilongwe kapena wothandiza wakunja. M'misika yathu muli kale anthu odula ziphaso tsiku lililonse. Auzeni kuti sabata iliyonse azilemba mtengo wa thumba la makala, wa kajumbo ndi wa mtolo wa nkhuni pa boma, ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Makanjira ndi ku Chiponde, ndipo wailesi za m'dera lino ziziwerenga mitengoyo monga zimawerengera ya chimanga. Pakutha pa chaka mudzakhala ndi pepala losonyeza miyezi imene mabanja amavutika kwambiri, ndi zimene zimachitika pamsika a zankhalango akakhwimitsa kulanda. Pepala limenelo ndi limene phungu angapite nalo pokambirana bajeti, kukafunsa nduna ya zamphamvu kuti mwa ndalama zonse za unduna wake, ndi zingati zimene zalembedwa pa mzere wa zophikira.